Anawotcha zikalata, lero akufuna umboni: mkangano wa mbiri ya nkhondo ku Japan

Mukangolowa pakhomo la Yūshūkan, chimene chimayamba kukulonjerani ndi ndege.

Ndi Zero, ndege yankhondo ija inkaopedwa m'nyanja yonse ya Pacific. Aipukuta mpaka ikuchita kunyezimira. Pambali pake paima mutu wa sitima yoyendera malasha, wakuda bii, nambala yake C56 31.

Yūshūkan ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale zankhondo. Ili m'bwalo la kachisi wa Yasukuni, pakati pa mzinda wa Tokyo, kumene amalemekeza mizimu ya anthu pafupifupi 2.5 miliyoni omwe anafera dziko la Japan pankhondo zosiyanasiyana. Mwa iwo muli akuluakulu 14 omwe anaimbidwa milandu ikuluikulu nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, kuphatikizapo Tōjō Hideki. Ansembe anawalowetsa mwakachetechete mu 1978.

Uno ndi Ogasiti. Kunja dzuwa likuswa mtengo, nyenje zikulira osapuma. M'kati muno mukuzizira bwino. Bambo wina wanyamula mwana paphewa kuti asuzumire pamene pankakhala woyendetsa ndege. Achinyamata akujambulitsa ndi mafoni, zala ziwiri m'mwamba.

Chikwangwani cha pa sitima chikufotokoza kuti mutu umenewu unalipo pamwambo wotsegulira njanji ya pakati pa Thailand ndi Burma mu 1943, kuti unagwira ntchito ku Thailand nkhondo itatha, ndipo unabwerera kwawo mu 1979.

Palibe bodza pachikwangwanipo.

Chimene sichikutchulidwa n'chakuti pomanga njanji ya makilomita 415 imeneyo panafa akaidi ogwidwa pankhondo oposa 12,000, ambiri a ku Britain, Australia ndi Netherlands, komanso anthu wamba a ku Asia omwe akuti anafika 90,000. Anafa ndi njala, kolera, malungo ndi zikwapu.

Njanjiyo si yachilendo kwenikweni kwa ife. Anaimanga kuti izipititsa zida ndi chakudya kwa asilikali a Japan ku Burma, ndipo kumeneko, m'chigwa cha Kabaw mu 1944, asilikaliwo anakumana ndi anyamata a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland ndi anzawo a Northern Rhodesia Regiment.

Chaka cha 2025 chinali cha 80 chitathereni nkhondoyo. Omwe anaiona ndi maso atsala ochepa. Koma Ogasiti aliyense mkangano umabukanso m'manyuzipepala a ku Tokyo, Seoul ndi Beijing: kodi dziko la Japan linachita chiyani ku Asia pakati pa 1931 ndi 1945, ndipo umboni wake uli kuti?

Yankho limayambira pa utsi.

Masabata awiri a moto

Mfumu Hirohito inalengeza pawailesi masana a pa 15 Ogasiti 1945 kuti dziko lagonja. Asilikali oyamba a America anatera pabwalo la ndege la Atsugi pa 28 Ogasiti. Pakati pa masiku awiriwa panali mpata wa pafupifupi masabata awiri, ndipo akuluakulu a boma ndi a asilikali sanauwononge.

Lamulo linatuluka loti zikalata zachinsinsi ziwotchedwe. Ku Ichigaya, likulu la asilikali apamtunda, utsi unafuka masiku angapo. Lamulolo linafika mpaka kumaofesi a m'midzi, kumene ankasunga mayina a anyamata oitanidwa kunkhondo. Okuno Seisuke, yemwe panthawiyo anali wogwira ntchito mu unduna wa zam'dziko ndipo pambuyo pake anadzakhala nduna, anavomera atakalamba kuti iye anali m'gulu la omwe ankafalitsa lamulolo, pofuna kuti pasapezeke poyambira milandu.

Mkulu wina wa nkhokwe ya zikalata zakale za asilikali ku Japan anayerekeza mu 2003 kuti mwina magawo 70 pa 100 alionse a zikalata za asilikali apamtunda za nthawi ya nkhondo anawotchedwa kapena kuwonongedwa.

Tisawaloze chala a Japan okha. Atsamunda a ku Britain nawonso ankawotcha mafayilo pochoka m'maiko omwe ankawalamulira, ndipo mu 2011 boma lawo linavomera kuti ena ambirimbiri, kuphatikizapo a ku Nyasaland, linawabisa ku Hanslope Park.

Choncho wolemba mbiri ya nkhondo ya Japan amagwira ntchito ndi zotsalira: kalata yomwe inapulumuka chifukwa wina anaiwala, kabuku komwe msilikali anabisa kudenga, mawu a nkhalamba yomwe yakhala chete zaka 50. Ndipo aliyense amene anena kuti chikalata chotsimikiza chakutichakuti palibe, amayenera kuyamba wakumbutsidwa za masabata awiri aja.

Nanjing: 40,000 kapena 300,000?

Nanjing unali likulu la China panthawiyo. Unagwa m'manja mwa asilikali a Japan pa 13 Disembala 1937, ndipo kwa masabata 6 otsatira munali kupha akaidi, kugwirira amayi, kuba ndi kutentha nyumba.

Pakhoma la nyumba ya chikumbutso ya mumzindawo, yomwe inatsegulidwa mu 1985, analembapo 300,000. Khoti la maiko lomwe linazenga milandu ku Tokyo linagamula mu 1948 kuti ophedwa anaposa 200,000. John Rabe, Mjeremani wa kampani ya Siemens yemwe anatsogolera kagulu ka alendo koteteza anthu wamba mumzindawo, ngakhale iye mwini anali wachipani cha Nazi, anayerekeza 50,000 mpaka 60,000. Pakati pa akatswiri a mbiri a ku Japan, Hata Ikuhiko amati pafupifupi 40,000, pamene Kasahara Tokushi amati oposa 100,000, mwinanso kufika 200,000.

Anthu ophunzira bwino, owerenga mapepala omwewo, amasiyana bwanji chonchi?

Choyamba sagwirizana za malire. Wina amawerenga ophedwa m'kati mwa linga la mzinda ndi m'mphepete mwake basi. Kasahara amawerenganso maboma 6 ozungulira mzindawo, kuyambira kuchiyambi kwa Disembala mpaka Malichi 1938. Kenaka pali nkhani ya msilikali wa China yemwe anataya mfuti, n'kuvula yunifomu, n'kubisala pakati pa anthu wamba. Atamugwira n'kumupha popanda mlandu, tinene kuti wafera kunkhondo kapena waphedwa mwankhanza? Mukamuika mbali iyi kapena iyo, chiwerengero chimasintha ndi anthu masauzande ambiri.

Ngakhale mabuku a oika maliro ali ndi mafunso ake. Khoti la ku Tokyo linadalira mitembo yoposa 155,000 yomwe mabungwe achifundo anati anaikwirira. Bungwe limodzi linalemba pafupifupi 43,000, tsiku ndi tsiku, malo ndi malo. Lina linati linakwirira pafupifupi 112,000, koma yambiri mwa iyo m'mwezi umodzi wokha wa Epulo 1938, ndipo akatswiri ambiri amakayikira ngati linali ndi anthu okwanira ntchito yotero.

Mpaka apa ndi mkangano wa anthu oona mtima. Wina umayamba tikafika kwa omwe amati kupha anthu mwachisawawa sikunachitike n'komwe.

Tengani kabuku ka Nakajima Kesago, mkulu wa gulu lalikulu la asilikali la nambala 16, momwe ankalembamo zochitika za tsiku ndi tsiku. Pa 13 Disembala analemba kuti mfundo yomwe ilipo ndi yosasunga akaidi. Okana aja amati apa ankatanthauza kuwalanda zida n'kuwauza azipita kwawo. Chiganizocho pachokha chikhoza kumvekadi choncho.

Koma werengani mizere yotsatira. Nakajima akudandaula kuti pali akaidi 7,000 kapena 8,000 pafupi ndi chipata china cha mzinda, ndipo kuti athane nawo pafunika dzenje lalikulu ndithu, lomwe silikupezeka. Akuganiza zowagawa m'magulu a anthu 100 kapena 200 n'kuwatengera pamalo oyenera.

Munthu amene ukufuna kumumasula sumufunira dzenje.

Chochititsa chidwi n'chakuti nkhonya zowawa kwambiri kwa okanawo sizinachokere ku Beijing. Zinachokera kwawo komweko, nthawi zina kwa anzawo enieni.

Mu 1984 bungwe la Kaikōsha, la akuluakulu akale a asilikali apamtunda, linapempha mamembala ake omwe anali ku Nanjing kuti alembe zomwe anaona. Cholinga chinali kutsuka dzina la asilikali. Makalata atayamba kufika, ena mwa iwo ankanena zosiyana ndi zomwe ankayembekeza. Mu Malichi 1985 mmodzi wa akonzi a magazini ya bungwelo, Katogawa Kōtarō, analemba kuti kaya ophedwa mosatsata malamulo anali 3,000 kaya 13,000, palibe chodzikhululukira nacho, ndipo anapepesa kwa anthu a ku China.

Chaka chomwecho Tanaka Masaaki, yemwe anakhalapo mlembi wa Matsui Iwane, mkulu wa asilikali onse omwe analanda Nanjing, anasindikiza kabuku ka tsiku ndi tsiku ka bwana wake. Wofufuza wina, Itakura Yoshiaki, anakhala pansi n'kuyerekeza buku losindikizidwalo ndi zomwe Matsui analemba ndi dzanja lake. Anapeza malo pafupifupi 900 omwe mawu anasinthidwa, kuchotsedwa kapena kuwonjezeredwa. Itakura sanali mdani wa asilikali. Iye mwini ankakhulupirira kuti ophedwa sanafike 20,000. Kungoti chinyengo sanachilekerere.

Ndiye pali Ono Kenji. Uyu sanali pulofesa. Ankagwira ntchito pafakitale ya mankhwala m'chigawo cha Fukushima, ndipo kuyambira mu 1988 ankati akaweruka, ulendo kumidzi kukagogoda pamakomo a nkhalamba zomwe zinali m'gulu la asilikali la nambala 65. Ena ankamubweza. Ena, atazolowerana naye, ankalowa kuchipinda n'kutulutsa timabuku tating'ono tokwana m'thumba la malaya, tolembedwa ndi pensulo.

Gulu limeneli linagwira akaidi oposa 14,000 pafupi ndi phiri la Mufu. Akuluakulu ake ankanena kuti ambiri anamasulidwa, ndipo ochepa anawomberedwa atachita chipolowe. Timabuku tija, tolembedwa ndi anthu osiyanasiyana omwe sanapangane, tikunena zofanana: pa 16 ndi 17 Disembala akaidiwo anawatengera m'mphepete mwa mtsinje wa Yangtze, anawawombera ndi mfuti zachiwaya, n'kutha masiku akutentha mitembo ndi kuiponya m'madzi. Ono ndi anzake anasindikiza timabukuto mu 1996.

Maboma awiriwa anayesa kukhalira limodzi. Akatswiri osankhidwa ndi Japan ndi China anayamba kukumana mu 2006 ndipo anatulutsa lipoti mu Januwale 2010. A China anakhalabe pa 300,000. A Japan analemba kuti kwawo ziwerengero zimasiyana, kuyambira 20,000, 40,000, mpaka 200,000. Koma mbali zonse zinavomereza kuti kupha anthu ambirimbiri kunachitika. Unduna woona za ubale ndi maiko ena ku Japan umanenanso zomwezo patsamba lake la pa intaneti: kupha anthu wamba ndi kuba sikungakanidwe, chiwerengero ndiye chovuta.

Kunena zoona, nakonso ku China si malo oti munthu angafunse momasuka. Mu Disembala 2021 mphunzitsi wina wapakoleji ku Shanghai anachotsedwa ntchito atakayikira m'kalasi maziko a chiwerengero cha 300,000.

Mphunzitsi yemwe anasumira boma zaka 32

Ku Japan mabuku asukulu amalembedwa ndi makampani wamba, koma asanafike m'kalasi ayenera kuvomerezedwa ndi unduna wa zamaphunziro. Oyendera mabuku amalemba ndemanga pachiganizo chilichonse chomwe sakugwirizana nacho. Ukakana kusintha, buku silituluka.

Ienaga Saburō, pulofesa wa mbiri ku Tokyo, anali ndi buku la sekondale lomwe undunawo unalikana mu 1963. Chaka chotsatira unalilola, koma ndi malo pafupifupi 300 oti akonze. Mwa zina, oyenderawo anati zithunzi za nkhondo zomwe anasankha zikuonetsa mdima wokhawokha.

Mu Juni 1965 Ienaga anasumira boma. Anali munthu wochepa thupi, wodwaladwala, yemwe ankadziimba mlandu kuti nthawi ya nkhondo anangokhala chete. Anasumanso mu 1967, n'kusumanso mu 1984. Mu 1970 woweruza Sugimoto Ryōkichi anamukomera, koma makhoti apamwamba anadzagwetsa chigamulocho pambuyo pake.

Mlandu wachitatu ndi umene uli ndi phunziro pa nkhani ya umboni. Unduna unalamula Ienaga kuchotsa ndime yonse yokamba za gulu la 731, lomwe motsogozedwa ndi dokotala Ishii Shirō linkayesera tizilombo ta mliri, kolera ndi matenda ena pa anthu amoyo ku Pingfang, pafupi ndi Harbin. Chifukwa chomwe unapereka n'chakuti panalibe kafukufuku wodalirika.

Nanga kafukufukuyo akanachokera kuti? Gululo linaphwasula nyumba zake ndi kupha akaidi otsala pothawa mu Ogasiti 1945. Dziko la America linabisa nkhaniyo n'kusiya Ishii osamuzenga mlandu posinthana ndi zotsatira za zoyesa zake. Soviet Union inazenga mlandu anthu 12 ku Khabarovsk mu 1949, koma maiko a azungu anati ndi mabodza a chikomyunizimu.

Pa 29 Ogasiti 1997 khoti lalikulu kwambiri la Japan linagamula kuti unduna unalakwa kuchotsa ndimeyo, chifukwa panthawi yomwe unkaletsa, akatswiri sankakayikanso kuti gululo linalipo ndi kuti linapha anthu. Pamodzi ndi mfundo zina zomwe anapambana kumakhoti aang'ono, kuphatikizapo ya Nanjing, Ienaga analandira chipukutamisozi cha mayeni 400,000. Kachitidwe koyendera mabuku kenikeniko khotilo linati n'kololedwa.

Anali ndi zaka 83. Anamwalira mu 2002, chaka chomwe khoti lina ku Tokyo linavomereza koyamba kuti dziko la Japan linagwiritsadi ntchito tizilombo ta matenda pankhondo ku China, ngakhale linakana kupereka chipukutamisozi. Mu 2018 nkhokwe ya zikalata za boma inatulutsa mayina 3,607 a anthu omwe anali m'gulu la 731.

Chikalata chimodzi, mawerengedwe awiri

Ku Nishi-Waseda, ulendo waufupi pa sitima yapansi kuchokera ku Yasukuni, kuli kanyumba kena ka chikumbutso, ka zipinda zochepa pansanjika yachiwiri ya nyumba yamaofesi. Kanatsegulidwa mu 2005 ndipo anthu amangokatchula kuti WAM. Kulibe ndege, kulibe sitima. Pakhomo pali khoma lodzaza ndi nkhope za amayi okalamba a ku Korea, China, Taiwan, Philippines, Indonesia, East Timor ndi Netherlands. Onsewa anatsekeredwapo m'nyumba zomwe asilikali a Japan ankapitako kukagona ndi akazi.

Mu Juni 1990 mkulu wina wa boma anauza nyumba ya malamulo kuti amayi oterewa ankayendetsedwa ndi anthu amalonda chabe. Mayi wina wa ku Korea, Kim Hak-sun, atamva zimenezi anapsa mtima. Pa 14 Ogasiti 1991 anaima pamaso pa atolankhani ku Seoul, dzina lake lenileni, nkhope poyera, n'kufotokoza zomwe zinamuchitikira ali mtsikana ku China.

Yoshimi Yoshiaki, mphunzitsi wa mbiri payunivesite ya Chuo, anakumbuka kuti anaonapo mapepala ena m'laibulale ya nthambi ya boma yoona za chitetezo. Anabwererako. Mapepalawo sanali obisika. Anali m'gulu la zomwe a America analanda nkhondo itatha n'kudzabweza mu 1958, kungoti palibe ankawafunsa. Nyuzipepala ya Asahi Shimbun inawaika patsamba loyamba pa 11 Januwale 1992. Pasanathe sabata nduna yaikulu Miyazawa Kiichi inali ikupepesa ku Seoul.

Chikalata chotchuka mwa mapepalawo ndi cha pa 4 Malichi 1938, chochokera ku unduna wa asilikali apamtunda kupita kwa akuluakulu a magulu a nkhondo ku China. Chikuti ena mwa anthu omwe akusaka akazi a m'nyumbazi ku Japan akuchita zofanana ndi kuba anthu, mpaka apolisi kuwagwira, ndipo zimenezi zikunyozetsa asilikali. Choncho kuyambira tsopano magulu ankhondowo aziyang'anira okha ntchitoyi, azisankha mosamala oigwira, ndipo azigwirizana ndi apolisi.

Yoshimi akawerenga amati: taonani, asilikali ndiwo anali eni ntchito. Otsutsana naye akawerenga pepala lomwelo amati: taonani, asilikali ankaletsa nkhanza ndi kuteteza amayi.

Owerenga adziweruzire okha, koma awone zinthu ziwiri. Chomwe chikudetsa nkhawa olemba chikalatacho ndi mbiri ya asilikali, osati moyo wa amayiwo. Ndipo ngakhale mawerengedwe achiwiriwo akuvomereza, mosazindikira, chomwe boma linkakana mu 1990. Sungalamule za kasankhidwe ka osaka akazi ngati ntchitoyo si yako.

Pa 4 Ogasiti 1993 mneneri wa boma Kōno Yōhei anavomereza kuti asilikali anakhudzidwa ndi kukhazikitsa ndi kuyendetsa nyumbazo, ndi kuti amayi ambiri anatengedwa mosafuna, mowanyenga kapena mowakakamiza.

Koma m'mbale munali kale nsomba yowola.

Yoshida Seiji analemba buku mu 1983 lomwe ankadzinenera kuti iye mwini anatsogolera asilikali kukagwira akazi pachilumba cha Jeju ku Korea. Asahi inamulemba kambirimbiri. Mu 1992 Hata Ikuhiko anapita ku Jeju kukafunsa nkhalamba za kumeneko, ndipo palibe anatsimikiza. Anapezanso kuti nyuzipepala ya pachilumbapo inali itakayikira kale nkhaniyo mu 1989. Yoshimi nayenso anakumana ndi Yoshida n'kuona kuti mawu ake sangagwiritsidwe ntchito ngati umboni. Komabe Asahi inadikira mpaka pa 5 Ogasiti 2014 kuti ivomere kuti nkhani 16 zomwe inalemba zinali zochokera pa bodza.

Paja amati ikawola imodzi zawola zonse. Omwe ankafuna kufafaniza nkhani yonse anapezerapo mwayi: ngati Yoshida ananama, ndiye kuti onse ananama. Mkulu wa nyuzipepalayo anatula pansi udindo. Mtolankhani wina wakale wa Asahi anaopsezedwa pamodzi ndi banja lake, ndipo yunivesite yomwe ankaphunzitsako inalandira makalata oti iphulitsidwa.

Chonsecho boma la Abe Shinzō lenilenilo linanena mu 2014 kuti mawu a Kōno sanatsamire pa Yoshida. Ndipo zolembedwa za kukakamiza zilipo. Mu 1944 asilikali a Japan anatulutsa atsikana Achidatchi m'misasa ya akaidi ku Java n'kuwatsekera m'nyumba zotere ku Semarang. Khoti la asilikali a Netherlands ku Batavia linazenga mlanduwo mu 1948, ndipo mkulu mmodzi anaweruzidwa kuti aphedwe.

Mu 1997 mabuku onse 7 a mbiri a kusekondale yoyambirira ankatchula za amayiwa. Pofika mu 2012 panalibe ngakhale limodzi.

Pomwe zinthu zili lero

Sikuti zikalata zotsalazo n'zobisika. Kuyambira mu 2001 boma la Japan lili ndi nkhokwe ya pa intaneti yotchedwa JACAR, yomwe maganizo ake anachokera kwa nduna yaikulu Murayama Tomiichi. Muli masamba oposa 30 miliyoni a zikalata za maunduna ndi asilikali, ndipo aliyense wodziwa Chijapani cha masiku amenewo angathe kuziwerenga kwaulere, kaya ali ku Osaka kaya ku Zomba. Akatswiri a ku Japan, Korea ndi China amagwiritsa ntchito nkhokwe imeneyi tsiku ndi tsiku, ndipo pa zambiri amamvana kuposa momwe andale awo amaonetsera.

Andalewo ndiwo sanasiye nyimbo yoti zolembedwa palibe.

Pa 1 Seputembala 1923 chivomezi chinagwetsa Tokyo ndi Yokohama, n'kupha anthu pafupifupi 105,000. M'masiku otsatira munafala mphekesera yoti anthu a ku Korea, dziko lomwe panthawiyo linali pansi pa Japan, akuthira chiphe m'zitsime ndi kuyatsa moto. Magulu a anthu wamba okhala ndi malupanga ndi mikondo yansungwi anatseka misewu n'kumapha aliyense womuganizira kuti ndi Mkoreya. Malo ena apolisi ndi asilikali anathandizira. Unduna wa zamalamulo panthawiyo unawerenga ophedwa pafupifupi 230; nyuzipepala ya omenyera ufulu wa Korea inati 6,661.

Kupaki ya Yokoamichō, m'dera la Sumida, kuli mwala wa chikumbutso cha ophedwawa, womwe unaikidwa mu 1973. Chaka ndi chaka abwanamkubwa a Tokyo ankatumiza kalata yachipepeso kumwambo wake, ngakhale Ishihara Shintarō, yemwe ankadziwika ndi kusafuna kumva za zolakwa za Japan. Bwanamkubwa Koike Yuriko anasiya kutumiza mu 2017. Atafunsidwa ngati kuphanako kunachitika, amayankha kuti imeneyo ndi ntchito ya akatswiri a mbiri. Kuyambira chaka chomwecho, pa 1 Seputembala pakiyo imakhala ndi misonkhano iwiri: wa olira, ndi wa kagulu kokayikira nkhaniyo, apolisi ali pakati.

Kumapeto kwa Ogasiti 2023, patatsala masiku awiri kuti zikwane zaka 100, mneneri wa boma Matsuno Hirokazu anauza atolankhani kuti m'boma simukupezeka zolembedwa zotsimikiza zomwe zinachitika. Anatero ngakhale kuti zaka zoposa 10 m'mbuyomo, akatswiri a komiti ya boma lomwelo yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi anali atalemba lipoti lofotokoza kuphanako mwatsatanetsatane, potengera zikalata za apolisi, asilikali ndi makhoti.

Mu Disembala chaka chomwecho kunamveka kuti mtolankhani wopuma pantchito, Watanabe Nobuyuki, wapeza lipoti la 1923 lomwe ofesi ya asilikali ya ku Kumagaya, m'chigawo cha Saitama, inatumiza ku unduna wawo. Likufotokoza kuti usiku wa pa 4 Seputembala anthu a ku Korea oposa 40, omwe apolisi ankawaperekeza, anaphedwa ndi chigulu cha anthu olusa, ndipo likuti mphekesera za chiphe ndi moto zinali zopanda maziko. Lipotilo linali m'nkhokwe ya unduna wa zachitetezo, momwe muja Yoshimi anapezamo mapepala ake.

Seputembala wotsatira, kalata ya bwanamkubwa sinabwerebe.